Khadi la Madamu Kaphaizi

Anzanga, zatheka. Ndiyambira kumapeto chifukwa mtima ukukana kudikira: kanyali kayaka kobiriwira, seva saifufutanso, ndipo mawu a Madamu Kaphaizi, maphunziro onse 214, ali pomwe anawasiya. Ndikulemba yunifolomu ndisanavule, nsapato imodzi ili kuphazi, inzake sindikudziwa komwe ndaitaya. Amayi andiitana kale kawiri kuti ndikatunge madzi. Andikhululukire, nkhaniyi ikagona m'mimba mwanga indiphulitsa. Koma muwerenge muli ndi mnzanu pafupi, chifukwa ngakhale ine amene ndikusekerera pano tsemwe silinandithere.

Inu amene munapita kusukulu zina titamaliza Sitandade 8 simuwadziwa Madamu. Ankatiphunzitsa masamu, ndipo ndiwo anayambitsa kalabu ya kompyuta pasukulu pathu. Kwa zaka ziwiri ankajambula mawu awo akuphunzitsa, phunziro ndi phunziro, kuti mwana amene wajomba chifukwa cha matenda kapena maliro adzamvere yekha. Zonsezo ankazisunga pa seva. Seva ndi kompyuta yaikulu ili kutali, sitinaionepo ndi maso, amangoti ili mumtambo, ndipo malo ake tinapatsidwa ndi bungwe lina lothandiza sukulu. Madamu anatisiya mu Febuluwale, atadwala masabata atatu okha. Ambulera yawo yakuda, yothyoka nthiti imodzi, inatsala kuseri kwa chitseko cha labu, chipinda chathu cha makompyuta, ndipo palibe amene anaisuntha.

M'kalabumo tili ndi pulogalamu yolondolera ntchito. Ukaitsegula imaoneka ngati bolodi logawidwa patatu: Zodikira, Zili m'kati, Zatha. Ntchito iliyonse ili ndi khadi lake, ndipo pakhadipo pamakhala dzina la mwini ntchito. Ukamaliza umalikoka n'kukaliponya ku Zatha.

Lolemba masana aphunzitsi a Mkwezalamba, amene anatenga kalabu Madamu atamwalira, analowa mu labu atanyamula pepala. Bungwe lija linalemba kalekale, koma kalata inkapita ku imelo ya Madamu, ndiye inatipeza mochedwa. Inati sukulu iliyonse iike pulagini yoyang'anira seva pofika Lachisanu folo koloko madzulo. Seva imene sidzalumikizidwa adzaiyesa yosiyidwa, adzaifufuta, malo n'kupatsa ena.

"Bwanji tingokopera maphunziro onse tisunge kuno?" anafunsa Ndaziona, mnzanga wa pabenchi, wamantha koma wamutu.

"Ndi intaneti yathuyi?" anatero aphunzitsi. "Phunziro limodzi limatsika ola lathunthu. Tidzamaliza inu muli ndi zidzukulu."

Pulagini ndi kapulogalamu kakang'ono kamene umakaphatika pa pulogalamu yaikulu, ngati kumangirira kaliyala pa njinga. Umakatsitsa, umakaika, umalemba adiresi ya seva, kenako umalowetsa kiyi. Kiyi wake si wachitsulo, ndi mndandanda wa zilembo ndi manambala osakanikirana. Ukadina batani loyesera, kanyali kamayaka. Kofiira ndiye kuti seva yakukana, kobiriwira yakulandira. Vuto linali lakuti kiyi ankamudziwa ndi Madamu okha, ndipo watsopano amatumizidwa pa nambala yawo ya foni, imene inatsekedwa.

Titatsegula bolodi tinapeza khadi la ntchitoyi lilipo kale. Linali ku Zili m'kati, lolembedwa mu Januwale: Kuika pulagini ya seva. Mwini ntchito, E. Kaphaizi. Miyezi yonseyi tinkalilambalala ngati manda a m'mbali mwa njira.

Ine mukundidziwa, phuma. Ndinafufuta dzina lawo n'kulembapo langa, Mwatipatsa. Kenako ndinatsegula dilowa ya tebulo lawo, ndinatulutsa kope lawo lachikuto cholimba, ndinavundukula mpaka ndinapeza tsamba lolembedwa ndi cholembera chofiira: Kiyi wa seva.

"Iwe Mwati," anatero Ndaziona, "basi chomwecho?"

"Nanga ndilembe kalata yofunsira ntchito?"

Pulagini inalowa bwinobwino. Adiresi ndinalemba. Kiyi ndinamukopera chilembo ndi chilembo, Ndaziona akundiwerengera. Ndinadina. Kofiira. Ndinabwereza kanayi, kofiira kokhakokha. Belu litalira ndinaika kope lija m'chikwama kuti ndikaliwerenge bwino kunyumba.

Lachiwiri m'mawa kope munalibe m'chikwama. Ndinakhuthulira zonse pansi, ndinamuzazira mng'ono wanga mpaka analira, mwana wosalakwa. Nditafika kusukulu ndinathamangira ku labu kuti ndikaulule kwa aphunzitsi. Iwo anatsegula chitseko ndi kiyi wawo ine ndikuona. Kope linali mu dilowa, pamalo pake penipeni, ngodya ndi ngodya, mmene Madamu ankaikira zinthu. Pa kompyuta pulagini panalibe. Khadi linali litabwerera: Mwini ntchito, E. Kaphaizi.

"Unaiwala kusunga zimene unasintha," anatero aphunzitsi. "Ndipo kopelo sunalitenge, unangoganiza kuti walitenga. Ana inu mitu yanu ili ku nyimbo."

Ndinavomera, poti ndikanatani? Masana ndinayambiranso. Dzina lawo ndinachotsa, langa ndinaika, pulagini ndinaika, kiyi, kofiira. Koma tsikulo mu labu munkamveka fungo la masamba a bulugamu owiritsa. Madamu ankabwera nawo mu fulasiki masiku omaliza aja, chifukwa cha chifuwa. Ndaziona ananunkhiza, anandiyang'ana. Anangosuntha mpando wake kuyandikira kukhomo.

Lachitatu chimodzimodzi. Khadi labwerera, pulagini yachoka. Ulendo uno aphunzitsi anakwiya, anati pali mwana wa Folomu 4 amene akusewera nafe, ndipo anasintha mawu achinsinsi a aliyense m'kalabu. Anaitananso alonda, a Chikakuda, kuti anene amene amalowa mu labu.

A Chikakuda anavula chipewa n'kumachizunguza m'manja. "Kulowa salowa munthu, aphunzitsi. Loko ndimamuyesa ndekha. Koma m'bandakucha mumamveka ngati nkhuku ikujompha chimanga pa lichero. Tapa tapa tapa. Kenako mpando kukwekwereka."

"Makoswe," anatero aphunzitsi.

"Kapena ndi makoswe," anatero alonda, akuvala chipewa. "Koma khoswe wotsokomola ine sindinamuonepo."

Potuluka madzulo ake, Ndaziona anandikoka malaya n'kuloza kuseri kwa chitseko. Ambulera ija panalibe. Pakhoma panangotsala kachizindikiro koyera pomwe inkatsamira. Ine, pofuna kuonetsa kuti sindine wamantha, ndinatenganso kope lija, ndipo ulendo uno ndinamanga chikwama ndi chingwe, mfundo zitatu.

Dedza mwezi wa Juni mukuidziwa, nkhungu imakhala mpaka naini koloko. Lachinayi ndinanyamuka ndekha, ndinadzera njira yachidule ya m'mabulugamu. Ndili pakati pa mitengo ndinaona munthu akubwera kutsogolo kwanga. Mayi, wamtali pang'ono, atafunda ambulera pamene mvula kunalibe. Anaipendeketsa moti nkhope sinkaoneka. Ndinapatuka panjira, ndinapinda mawondo, ndinati, "Mwadzuka bwanji, amayi?"

Anaima pambali panga. Nsalu ya ambulera inkalendewera mbali imodzi, pa nthiti yothyoka.

"Katunduyo wapempha?"

Mawu wamba, osasa pang'ono, osakwiya n'komwe.  Ndinayang'ana pansi monga tinaphunzitsidwira, ndipo pamene ndinkadzutsa mutu, nkhungu inali itatseka njira yonse. Masamba ouma a bulugamu amalira ukawaponda, inu mukudziwa. Sindinamve tsamba ngakhale limodzi. Ndinathamanga mpaka kugeti ya sukulu. Mfundo zitatu zija zinali chimangire, koma chikwama chinali chopepuka.

Kope tinalipeza mu dilowa.

Tsikulo sindinakhudze khadi. Tinangokhala ndi Ndaziona tikuyang'ana kabokosi kolembamo kiyi, ndipo iye, wamutu uja, anayamba kuwerenga ndi chala timipata take.

"Mwati, timipata tilipo 32. Zilembo za m'kope zilipo 28. Kiyiyu ndi wodukira."

Tinafufuza kope lonse, tsamba ndi tsamba, chikuto chakutsogolo, chikuto chakumbuyo, ngakhale kuliunika padzuwa. Zilembo zinayi zija munalibe. Apa ndi pomwe ndinalira, anzanga, osati ndi mantha, koma poganiza kuti mawa lake folo koloko mawu a Madamu azimiririka kachiwiri, ndipo ulendo uno chifukwa cha ife.

Titaweruka tinapita kumsika kwa anti Dorika, mng'ono wawo wa Madamu, amene amasoka zovala pakhonde la golosale. Tinawapeza akupalasa makina, mapini ali pakamwa. Tinawafotokozera za kiyi wodukira.

"Ndiwo achemwali amenewo," anatero, akulavulira mapini m'dzanja. "Chinthu ndi chinzake sankasunga malo amodzi. Singano kuchipinda, ulusi kukhitchini. Ati wakuba avutikeko."

"Nanga zilembo zinayizo anaziika kuti, anti?"

"Ine ndidziwe bwanji? Ine ndi nsalu basi. Za mitambo yanuyo ndimangodziwa kuti ikada ndilowetse zovala."

Ndaziona, pakamwa pake posasunga kanthu, anawonjezera kuti khadi limangobwerera pa dzina la Madamu ngakhale Mwati alichotse kangati. Makina anaima.

"Wati anachotsa chiyani?"

Ndinafotokoza. Dzina, dilowa, kope, ambulera, mayi wa m'mabulugamu. Anti Dorika sanadabwe, sanandikalipirenso. Anangogwira juzi yabuluu imene anavala, n'kutionetsa dzanja lamanzere.

"Mukuona apa ulusi wasiyana? Juzi iyi ankaluka achemwali. Anaisiya dzanja ili lisanathe. Titasesa maliro atatha, ine sindinangoitola. Ndinagwada pakhomo pa chipinda chawo, ndinati odi achemwali, ndimalizeko juzi yanu. Kenako ndinadikira."

"Anayankha?" anafunsa Ndaziona, mawu ali pang'onopang'ono.

"Juzi si iyi ndavalayi?" Anabwezera mapini pakamwa, n'kulankhulira m'mbali. "Iwe mwana, munda wa malemu sumangolowamo ndi khasu ngakhale udzu utafika m'khosi. Munthu anayamba ntchito, dzina lake lili pomwepo, iwe n'kubwera kudzalipukuta ngati mamina. Umapempha. Ndipo ukapempha umadikira. Odi sudziyankha wekha."

Lero, Lachisanu, maphunziro onse sindinamvepo kanthu. Aphunzitsi a Mkwezalamba anakhala m'mawa wonse akuimbira bungwe lija, foni osayankhidwa. Kalabu inakumana fili koloko, ola limodzi lokha nthawi isanakwane, koma tinabwera awiri okha, ine ndi Ndaziona. Ndinawapempha aphunzitsi kuti andilole ndichite zimene anatiuza anti Dorika. 

"Mwatipatsa, ine ndimaphunzitsa sayansi."

"Ndikudziwa, aphunzitsi."

"Chita msanga. Akulu a sukulu asamve."

Pansi pa khadi lililonse pali kabokosi kolembamo ndemanga. Ndinalemba chonchi, ndipo ndikukumbukira liwu lililonse: Odi Madamu. Ndine Mwatipatsa wa Folomu 3. Ndinachotsa dzina lanu osapempha, ndinatenga kope lanu osapempha. Pepani. Seva aifufuta lero folo koloko. Tikupempha timalizeko ntchito yanu.

Ndinatseka dilowa. Tinatuluka tonse atatu, ndinakoka chitseko. Ine ndi Ndaziona tinagwada pasimenti yozizira ija, ndinaomba m'manja mofatsa katatu, ndinati, "Odi."

Zii.

Aphunzitsi anaima chapatali atapinda manja, maso pa wotchi. Pabwalo anyamata ankasewera mpira, koma phokoso lawo linkamveka ngati likuchokera kutsidya kwa phiri. Nkhunda zimene zimakhala padenga la labu zinasiya kulira. Mphindi khumi. Mawondo anayamba kuwawa. Mphindi makumi awiri.

"Tiyeni tingolowa," ananong'ona Ndaziona. "Mwina avomera chamumtima."

"Odi sudziyankha wekha," ndinatero, ngakhale ine ndemwe miyendo inkandiyabwa kuti ndidzuke. Moyo wanga wonse sindinadikirepo chinthu chonchi.

"Yatsala mphindi makumi awiri ndi zisanu," anatero aphunzitsi. "Mwatipatsa, ndakulola mokwanira."

Asanamalize, fungo la bulugamu linatuluka pansi pa chitseko. Kenako sipika ya mu labu, imene timamverera maphunziro, inathetheka ngati nkhuni yaiwisi pamoto. Mawu anayamba, apakatikati pa chiganizo:

"...ndiye chimene wachita mbali iyi, uchitenso mbali inayo, usakondere..."

Madamu. Choko chikulira pa bolodi. Kenako m'mawu ojambulidwawo munamveka kugogoda, ndi kamawu kamanyazi kakuti odi. Choko chinaima.

"Lowa, Mwatipatsa. Wachedwanso. Khala pansi, anzako ayamba kale."

Kalasi yonse ya m'sipikamo inaseka, kenako zii.

Anzanga, tsiku limenelo ndikulikumbuka. Ndinali Folomu 2, njinga inaphulika tayala, ndinafika phunziro lili pakati. Ndi phunziro nambala 63. Pa maphunziro 214, pa maola onsewo, mwa mawu onse amene Madamu analankhulapo, anatuluka amenewo. Ndinapezeka ndikuseka misozi ikutsika, Ndaziona atandigwira mkono mpaka zikhadabo zake zandisiyira zipsera.

Ndinatsegula chitseko. Mu labu munalibe munthu. Ambulera inali kuseri kwa chitseko, pamalo pake, ikudontha madzi, pamene kunja dzuwa linali phwee. Kope linali patebulo, osati mu dilowa, litatsegulidwa pa chikuto chakumbuyo, pomwe dzulo lake tinayang'ana kangapo konse. Pakona panali zilembo zinayi zofiira, ndi kachongi pambali pake, kachongi kawo kaja ka mchira wautali. Ndaziona anakhudza ndi chala. Inki inapaka.

Pa kompyuta khadi linali litasintha. Mwini ntchito, Mwatipatsa. Pansi pake, m'tizilembo ting'onoting'ono tosonyeza amene wasintha: E. Kaphaizi.

 Ndinakhala pansi, monga anandiuzira. Ndinatsitsa pulagini, ndipo intaneti yathu yaulesi ija lero inathamanga ngati yaona galu. Ndinaiika. Ndinalemba adiresi ya seva. Ndaziona anandiwerengera zilembo 28, kenako zinayi zija. Timipata tonse tinadzaza. Chala changa chinakana kudina, ndiye aphunzitsi anati, "Dina, mwana wanga," ndipo aka kanali koyamba kunditchula choncho.

Kanyali kanaphethira kachikasu, kanaphethiranso, kanaphethiranso. Kobiriwira.

Inali itatsala mphindi zisanu ndi zitatu. Zotsalazo tinachita mothamanga koma mosamala, aphunzitsi akuwerenga ndondomeko papepala lija: nthawi tinaika ya kuno kwathu, tinauza pulagini kuti izisunga kope lachiwiri la maphunziro onse Loweruka lililonse, tinaikanso nambala ya aphunzitsi ndi ya akulu a sukulu kuti kiyi asadzakhalenso m'mutu mwa munthu mmodzi. Kenako uthenga unabwera kuchokera ku bungwe: seva yanu yalumikizidwa.

Chinatsala ndi kukoka khadi kupita ku Zatha. Ndisanakoke ndinafunsa ngati pulogalamu imalola mayina awiri pa khadi limodzi. Imalola. Ndinabwezera dzina la Madamu, pamwamba, langa pansi. Ndiye ndinakoka pang'onopang'ono, ngati ndanyamula dzira. Silinabwerere.

Aphunzitsi anayesa kufotokoza. Anati mwina sipika inali yolumikizidwa kale, mwina phunziro linangoyamba lokha, mwina pulogalamu ili ndi lamulo lina limene Madamu anaika kalekale. Anayamba chiganizo china chokhudza ambulera, koma anachisiyira panjira. Potseka labu ine ndinali pafupi, ndinamva. Anayang'ana m'kati, anatsitsa mawu, anati, "Zikomo, Madamu. Tapita."

Ndadzera kumsika kukawauza anti Dorika. Sanasiye kusoka. Anangoti, "Unachedwanso, eti?" Ine sindinawauze mawu a m'sipika, anzanga. Sindinawauze. Ndinangowakumbatira pamodzi ndi juzi yawo yabuluuyo, mapini anatsala pang'ono kundibaya.

Sindikudziwa kuti ndani ankalemba m'bandakucha, ndipo mayi wa m'mabulugamu nkhope yake sindinaione. Sindikufunanso kudziwa. Chimene ndikudziwa n'chakuti chaka chamawa ndikamadzalemba mayeso a Folomu 4 Madamu adzakhala akundiphunzitsabe, ndi mng'ono wanga amene ndinamuzazira uja adzawamvanso, ndi ana ena amene sanabadwe n'komwe. Munthu ndinamuchotsa dzina ngati wosafunika, iye n'kundibwezera ntchito ndi kachongi pamwamba. Ndithokoze bwanji zoterezi? Ndayesa kupeza mawu njira yonse, sindinawapeze.

Mawa Loweruka labu itsegulidwa naini koloko, aphunzitsi avomera. Bwerani nonse, ngakhale inu amene masamu mumawaona ngati mankhwala owawa. Mudzaone kanyali kobiriwira, mudzaone khadi la mayina awiri, mudzamve phunziro 63 mundiseke mmene ndinkalankhulira ndili Folomu 2. Mudzaonenso chala cha Ndaziona, chifukwa wachapa ndi sopo katatu koma inki yofiira sikuchoka, ndipo tsopano akuti asachapenso. Musadzere m'mabulugamu, dzerani kumsewu. Ndipo mukafika pakhomo pa labu musadzangokankha chitseko. Mudzati odi, kenako mudzadikire pang'ono.